Zilembo Zotembenuka za Bambo

Lolemba, 7 Okutobala

Makadi odinda khumi ndi anayi. Ooneka bwino asanu ndi anayi. Enawo penti anachuluka, masamba angosanduka matope.

Bambo adya phala theka. Nsalu zapabedi kuchapa kawiri. Matewera akweranso mtengo. Msana wangawu.

Chiwindi chayamba kung'aluka pakona. Ndilembe muyeso wake ndisanaiwale: timapaketi tisanu ndi tiwiri ta jelatini, kapu ndi theka ya gilisalini, kapu ndi theka ya madzi otentha, kuthira m'thireyi ya keke, kugoneka m'firiji. Amayi a kwaya, amene anandiphunzitsa, amati dzina lake ndi puleti ya jelo. Ine ndimati chiwindi. Chofewa, chozizira, chonjenjemera ukachigunda. Upakapo penti ndi kogudubuza, uyalapo tsamba kaya ukonde wa thumba la anyezi, uvundikira pepala, usisita ndi chikhatho, n'kusenda.

Kamphindi kosenda pepala kaja ndi kokhako tsiku lonse kamene sindidziwa chimene chikubwera. Zina zonse ndimazidziwa. Mankhwala, kuwatembenuza, thewera, phala, kuwatembenuzanso.

Miyezi isanu ndi iwiri chigwereni Bambo ndi sitiroko. Mbali yakumanja inafa. Dzanja lamanzere limayenda koma zala sizigwira cholembera, ngakhale supuni. Mawu anawatsalira amodzi: zikomo. Ukawasambitsa, zikomo. Ukawapweteka powanyamula, zikomo. Dzulo ndawatayira tiyi pamwendo, zikomo. Munthu amene analemba zikwangwani za theka la mashopu a mumsewu waukulu.

Ambuye, ndikhululukireni. Lero ndawatsuka mkamwa mwaukali.

Lachitatu, 9 Okutobala

Achimwene abwera ndi alamu, mafomu ali m'manja. Malo apezeka kunyumba yosungira okalamba, mabasi awiri kuchokera kuno. Loweruka pa 26. Alipira ndi iwo, ine changa n'kusaina ndi kulongedza.

Tinakambirana pabalaza, Bambo ali pomwepo pachikuku, mawu akungodutsa pamwamba pa mutu wawo ngati ndi kabati. Kenako achimwene anawerama n'kukuwa: "Bambo, tikupititseni kumene kuli anesi usana ndi usiku?" Bambo: zikomo. Achimwene: "Wadzimvera wekha, avomera." Ndinati zikomo amanena pa chilichonse. Alamu akuti, "Nanga iwe umafuna alakatule ndakatulo?"

Potsazikana pakhonde achimwene anandigwira phewa. "Mlongo wanga, muja mulibenso munthu. Yatsala ndi nyumba chabe, eni ake anasamuka. Adokotala ananena." Adokotala sananene choncho. Ndinalipo ine. Anati sitingadziwe. Koma sindinawakonze.

Si oipa achimwene. Kungoti Bambo amawaona ola limodzi pa sabata, atasamba kale, atapesedwa.

Abwana a kusitolo ya mabuku atumizanso uthenga. Malo anga awasunga mpaka pa 1 Novembala, kupitirira apo alemba wina. Ndauwerenga kanayi.

Ndasaina.

Lachisanu, 11 Okutobala

Amayi a kwaya akufuna makadi makumi awiri opita nawo kwa odwala kuchipatala. Akuti akhale ndi mawu. Ndinapaka penti wobiriwira, ndinalemba ndi kathonje ka m'khutu MUCHIRE MSANGA, mwadongosolo ngati pa bolodi. Posenda pepala, mayo ine. Zilembo zonse zayang'ana kumbuyo, mawu ayambira kumanja, ngati zalembedwa ndi nkhanu. Sukulu yonse ija, osaganiza kuti chodinda chimatembenuza.

Bambo anatulutsa kaphokoso pakhosi, phewa limodzi likugwedezeka. Ndinathamanga ndi madzi, ndimayesa atsamwa. Sanatsamwe. Misozi yokha m'maso. Ndinawapukuta, ndinabwerera patebulo.

Potsuka mbale ndiye ndakumbuka. Pagalasi la shopu Bambo ankalemba ali mkati, kuti mvula isachotse penti. Ankayambira kumanja, chilembo chilichonse chotembenuka, akuimba kamluzu, odutsa panja n'kumawerenga bwinobwino. Ndiponso kadontho kawo kaja. Chikwangwani chilichonse chinkatha ndi kadontho. Tsiku lina anabwerera pa njinga dzuwa lili paliwombo kukaika kadontho kamene anaiwala pashopu ya telala. Amayi anawaseka sabata yathunthu. Iwo akuti, "Mawu opanda chizindikiro chake ine sindigona nawo tulo."

Kaphokoso kaja kanali kuseka kodi?

Ayi. Ndisadzipusitse.

Lamulungu, 13 Okutobala

Kutchalitchi sindinapite. Aneba amene amandikhalira ndi Bambo ali ndi alendo. Sabata yachisanu iyi.

Ndilembe chimene ndachita, mwina chichoka pamtima. Ndimasintha nsalu, achita pabedi ndangomaliza kuwasambitsa. Ndinagwada pomwepo, manja ali m'beseni, n'kupemphera mokweza. Ndinati Ambuye, ngati simuwachiritsa, atengeni. Atengeni sabata ino. Ndatopa. Ndinanena katatu. Amen ndinamunena.

Bambo anali atayang'ana kukhoma.

Si koyamba kulankhula m'chipindamo ngati ndili ndekha. Miyezi yonseyi pakamwa panga pakhala potsegula. Ndinawauza kuti Amayi anachita mwayi kutsogola osaona zimenezi. Ndinawauza kuti makaniko uja anandifunsira munamuthamangitsa ndinu, ati wamafuta m'zikhadabo, lero ali ndi ana atatu ndi nyumba yakeyake, ine zaka makumi anayi ndi chimodzi ndikuchapa matewera a munthu wamkulu. Ndinawauza kuti fungo lawo landilowa m'tsitsi. Ndinkati ndikulankhula ndi khoma, ndipo khoma limasunga chinsinsi.

Makadi asanu ndi limodzi a nthenga za nkhuku. Penti wakuda ndi wofiirira. Oipa onse.

Lachiwiri, 15 Okutobala

Ndinawakankhira pafupi ndi tebulo kuti aothe dzuwa la pawindo. Ndapaka penti wabuluu, wokwera mtengo uja, wosalala bwino. Ketulo yalira. Pobwera ndapeza chiwindi chonse mizere yokhotakhota, chala chawo chamkomba phala chili buluu mpaka pachikhadabo, malaya nawonso.

Ndinawamenya padzanja. Ngati mwana wakuba shuga. Bambo anga ondibereka.

Anati zikomo.

Ndinapukuta chiwindi ndi nsanza, ndinawapukuta chala, ndinakalira kubafa mpopi uli wotsegula.

Lachitatu, 16 Okutobala

Ndilembe mwadongosolo.

Achitanso. Ndinangotembenuka kutenga masamba pawindo, chala chinali kale m'penti. Pang'onopang'ono, lilime lili pakona ya mlomo, kuyambira kumanja kupita kumanzere. Ndinati ndikuwe, koma ndinakumbuka za dzulo zija. Ndinawasiya. Anatenga nthawi yoti madzi n'kuwira. Pomaliza anabaya kamodzi ndi nsonga ya chala, dzanja n'kugwera pamwendo.

Ndinangoti penti asapite pachabe, mizereyo mwina ikhala maziko a khadi. Ndinavundikira pepala lalikulu, ndinasisita, ndinasenda.

Zilembo zoyera pa buluu. Zonjenjemera, koma zawo. M wawo uja wa miyendo yotakasuka.

NDIMAMVA.

Ndi kadontho komwe.

Analemba chotembenuza dala. Anaona cholakwa changa cha Lachisanu, anadziwa kuti pepala lidzawongola. Munthu wosamuka m'nyumba mwake sangachite zimenezo.

Amamva. Anamva za makaniko. Anamva za fungo. Anamva pemphero la Lamulungu, katatu konse, ndi amen wake.

Ankandiyang'ana. Ndipo ine, Ambuye mukudziwa kale, ndilembe basi. Sindinawakumbatire. Sindinaimbire achimwene. Ndinapinda pepala kanayi, ndinaliika m'buku langa la nyimbo. Ndinati, "Mwaononganso penti, Bambo." Ndinakankhira chikuku kuchipinda, n'kuwayatsira wailesi.

Achimwene akaliona pepalali sawapititsa. Ndikuwadziwa. Adzalira, adzati tingataye bwanji bambo athu ali ndi nzeru zawo, kenako adzakwera galimoto n'kubwera Lachitatu linalo. Wotsala ndi beseni ndi ine.

Masiku khumi atsala.

Lamulungu, 20 Okutobala

Masiku atatu osalemba. Ndinalibe nkhope yoonetsa ngakhale kopeli.

Makadi ndikupangira kukhitchini tsopano, chitseko chotseka. M'chipinda mwawo ndimagwira ntchito pakamwa pali chete. Ndimawasambitsa mofatsa kuposa kale, madzi ndimayamba ndayesa ndi chigongono. Kufatsa kwa wakuba.

Lero aneba anandikhalira, ndinapita kutchalitchi. Nyimbo sindinaimbe. Ndikatsegula buku, pepala lija lili pakati.

Potuluka amayi a kwaya anandikoka mkono, nkhope ili mwee. Makadi ndinawapatsa dzana aja anakagawa dzulo kuchipatala, limodzi anasunga kuti andionetse. Masamba obiriwira, ndipo pansi pa masambawo, motuwa ngati utsi, NDIMAMVA.

Ndinaiwala zimene anandiphunzitsa iwo omwe. Pepala loyamba silitenga penti yense. Wotsalira amauma pachiwindi, ukapakapo wina watsopano amadzuka n'kutuluka naye limodzi. Iwo amati mzukwa. Dzinalo sindilikonda. Lachitatu lija sindinatsuke chiwindi, ndipo mawuwo atuluka pa makadi atatu.

Akuti, "Mwana iwe uli ndi mphatso! Ngati Mulungu akunong'ona kuseri kwa masamba. Mayi wina wa mu wodi analira, ati ndiye yankho limene amadikira. Utipangire ena makumi awiri otere." Anafunsanso kuti ndaphunzira liti kulemba chotembenuza. Ndinati ndimangoyeserera.

Kunama pakhomo la tchalitchi, buku la nyimbo lili m'khwapa.

Lachiwiri, 22 Okutobala

Ndinapita kukasiya mafomu. Mabasi awiri, ola ndi theka. Malo ndi aukhondo, ndisaname. Fungo la mankhwala okolopera. Wailesi ya kanema ikukuwa m'chipinda chachikulu, okalamba asanu ndi atatu atandandalikidwa kutsogolo kwake, woyang'ana palibe. Anesi ndi aulemu, koma onse amalankhula mokweza ndi mawu a kwa khanda: "Tadya, agogo? Tachita bwino!"

Pa fomu panali funso limene ndinalidumpha. Anesi analoza ndi cholembera. Kodi wodwala amamva zimene akuuzidwa? Inde, ayi, sitikudziwa. Ndinachonga sitikudziwa.

Masana kulongedza. Zovala zonse akuti zilembedwe dzina pakolala. Ndinakhala pabedi pawo ndi cholembera chakuda, zilembo zanga zopendama ngati mpanda wakugwa. Iwo maso ali pa dzanja langa. Pa malaya achitatu anapuma mwamphamvu, ndinadziwa kuti ndi R wanga wawanyansa.

Pansi pa sutikesi ndapeza chitini cha maburashi awo. Otsukidwa, okulungidwa m'nyuzipepala, lililonse ndi kampira kake. Akununkhirabe mafuta osungunulira penti. Ndinachibweza msanga asanachione. Anachiona.

Abwana aimba, akuti ndifike 7 koloko pa 1, andipatsa makiyi a kutsogolo. Nditadula foni ndinasita bulauzi yanga yoyera, ndikuimba. Kuimba ndithu. Kenako ndinakumbuka kuti khoma lathu ndi lopyapyala.

Chala chawo chimangoyenda pabulangete. Kumanja kupita kumanzere. Ndimayang'ana kumbali.

Lachinayi, 24 Okutobala

M'mawa ndinalephera kupemphera. Ndikati Atate, mawu akubwerera. Ndinazindikira kuti ndikugogoda pakhomo lolakwika, wolakwiridwa ali chipinda chinachi.

Nditawamwetsa tiyi ndinagwada patsogolo pa chikuku. Ndinatulutsa pepala lija, ndinalitambasula pamiyendo pawo. Ndinati Bambo, ndinawerenga. Ndinabisa dala. Ndinanena zonse, za fomu, za bulauzi, za pemphero. Ndinati za makaniko zija ndinanena ndi mkwiyo, koma za kutopa sindinaname. Ndinalira mpaka mamina, mutu uli pabondo lawo lakufalo.

Zikomo, zikomo, zikomo. Sindikudziwa kuti anali zikomo uti.

Ndinabweretsa tebulo, ndinapaka wabuluu uja, wambiri, osaumira. Ndinati lembani chilichonse, ngakhale kunditukwana. Mukati ndikhale, mukhala. Ndinawagwirira chigongono kuti dzanja lisagwe.

Zilembo zisanu ndi chimodzi. Thukuta pamphumi. Kubaya kamodzi.

Ndinachita mantha kusenda. Ndinasisita pepala mpaka linatentha.

WATOPA.

Basi. Osati wandilakwira, osati ndisiyeni pano. Watopa, kadontho.

Ndinati lembaninso, mukufuna chiyani inuyo? Koma dzanja linali litatha mphamvu, anatseka maso. Mawu amodzi amawadyera tsiku lonse.

Akananditukwana bwenzi ndikudya bwino lero.

Ndatsuka chiwindi ndi madzi ofunda. Loweruka ndiwaonetsa achimwene mapepala onse awiri. Ndalonjeza pamaso pa Mulungu, ndipo ndalemba pano kuti ndisathawe.

Lamulungu, 27 Okutobala

Apita.

Dzulo sindikanatha kulemba. Achimwene anafika 9 koloko ndi alamu, galimoto ataichotsa mpando wakumbuyo. Ndinaika mapepala awiri aja patebulo, ndinafotokoza. Alamu anaseka: "Walemba wekha iwe, ukufuna tizikumvera chisoni." Achimwene sanaseke. Anatenga la NDIMAMVA, analiyang'ana nthawi yaitali. Anati, "M uyu ndi wa Bambo." Anakhala pansi. Ndinaona akuwerenga m'mutu zonse zimene ananena pabalaza pano.

Kenako anati tiwafunse eni ake. Anagwada, ndipo koyamba m'miyezi isanu ndi iwiri analankhula nawo ndi mawu a masiku onse. "Bambo, pepani. Malo tawapeza, koma sitikukakamizani. Mupite kapena mukhale? Mlongo wangayu ntchito ikumudikira, koma tiona chochita."

Tiona chochita. Ndikuwadziwa mawu amenewo.

Ndinapaka penti wakuda, wabuluu anatha. Chala chinayenda, chinapuma, chinayendanso. Zilembo zikuluzikulu, zinafika mpaka kumapeto kwenikweni kwa chiwindi, dzanja n'kutererekera kumbali. Mapepala aakulu anali kukhitchini. Achimwene anati dinda msanga asanaume, anandipatsa envelopu ya mafomu ija. Ndinavundikira, ndinasisita, ndinasenda.

NDIPITE

E womaliza anathera m'mphepete mwenimweni mwa envelopu. Ngakhale kadontho kawo panalibe. Ndinati mphamvu zawathera.

Achimwene anawerenga mokweza, anatuluka panja kukalira kuseri kwa galimoto. Alamu anayamba kuchotsa zapatebulo, kuti manja apeze chochita.

Bambo sankayang'ana envelopu. Sankayang'ana achimwene. Ankayang'ana ine. Nthawi yaitali, nsidze imodzi ili m'mwamba. Ndinadziwa kuti akupita chifukwa cha ine, ndipo ndinayenera kunena kuti ayi, khalani. Mawuwo anali pakamwa. Ndinati, "Chabwino, Bambo. Mwanena nokha."

Anatseka maso. Anati zikomo.

Powakweza m'galimoto chipewa chinagwa, ndinawaveka. Kumeneko ndinawayalira bedi ndekha, ndinauza anesi kuti fomu ija ndinalakwitsa, amamva zonse. Anesi anati, "Ee, onsewa amamva," akukonza katani.

Lachiwiri, 29 Okutobala

Ndagona maola asanu ndi anayi. Dzulonso chimodzimodzi. Msana wasiya kupweteka. Ndikuchita manyazi ndi thupi langali, silikudziwa kulira maliro a munthu wamoyo.

7 koloko ndinapezeka ndaima pakhomo la chipinda chawo ndi kapu ya madzi. Matiresi ndayanika panja. Matewera otsala ndapatsa aneba, ali ndi apongozi odwala.

Achimwene anapitako dzulo. Akuti Bambo adya pang'ono, ali phee. Anawapatsa pepala ndi cholembera, chinagwa. Akuti ndidzapite ndi "chinthu chako chija" Lamulungu. Anawonjeza kuti, "Usadziimbe mlandu, anasankha okha." Ndakhala ndikudziuza zomwezo. Anasankha okha. Ndikanena kasanu zimagwira mpaka masana.

Chiwindi sindinachikhudze. Alamu anachikulunga m'pulasitiki osatsuka n'kuchiponya m'firiji, pansi pa kabichi.

Amayi a kwaya akufunsa za makadi awo a Mulungu wonong'ona. Ndati penti watha.

Lachinayi, 31 Okutobala

Mawa ntchito. Nsapato ndapolisha. Ndinati nditsuke chiwindi ndichisunge, za makadi zithe kaye.

Penti wakuda wa Loweruka anaumirapo. Kuchotsa kwake n'kumene anandiphunzitsa: kupakapo woyera wopyapyala, kuvundikira pepala lalikulu lokwana chiwindi chonse, kudikira, kusenda pang'onopang'ono. Ndinachita ndili chiimire, tiyi ali pamoto.

Pakati, pamene panagona envelopu, patuluka mzukwa wotuwa. NDIPITE. Ndimauyembekezera umenewo.

Koma envelopu inali yaifupi. Kumapeto kunatsala kachigawo ka zala zitatu kumene sinafike, penti wake wosakhudzidwa, wakuda bii. Pamene ndinkati dzanja linatererekera. Patuluka mzere woyera wopindika ngati ndowe ya ambulera, ndipo pansi pake kadontho. Koonekeratu, kobaya ndi nsonga ya chala.

Kusukulu tinkati mfunsiro.

NDIPITE?

Sanaiwale chizindikiro. Bambo anga sanaiwalepo chizindikiro. Sanali kutiuza, anali kufunsa. Ndipo sankafunsa achimwene. Nsidze ija. Anandifunsa ine, pamaso pa onse, atandipatsa mpata woti ndinene ndekha, ine n'kuyankha kuti chabwino.

Masiku asanu agona kumeneko akudziwa kuti mwana wawo anafunsidwa ndipo anayankha.

Tiyi wapserera. Ndakhala pansi pakhitchini sindikudziwa nthawi yaitali bwanji.

Ambuye, ndikanakonda kunena kuti ndikanaona chizindikirocho ndikanayankha zina. Inu mukudziwa. Ine sindikudziwa. Nkhope yawo ndinaiona, ndipo nkhope inalibe envelopu yaifupi.

Basi yoyamba imadutsa 2 koloko, alendo amawatsekera 5. Chiwindi ndachikulunga m'thaulo, kogudubuza, penti wakuda, mapepala aakulu okhaokha. Abwana sindinawaimbire. Achimwenenso ayi. Bulauzi ikadali pa hang'ala.

Amamva, ndikhoza kungowauza pakamwa. Koma pakamwa pangapa panama kokwanira. Ndikufuna ndiwalembere ndi chala, chotembenuza, asende okha ndi dzanja lawo lamanzere. Ndakhala ndikuyeserera patebulo ndi madzi. Kuyambira kumanja. TIYENI KWATHU. T ndi I savuta, sasintha ukawatembenuza. Y chimodzimodzi. Pa E chala chikumaima, ndipo sindikudziwa ngati chikuima chifukwa cha chilembocho kapena